Kodi Asilikali a M'thupi Amadyetsedwa ndi Yani?

Matenda a Edzi atadziwika m'Malawi m'chaka cha 1985, pang'onopang'ono m'chiyankhulo chathu munalowa fanizo lakuti thupi lili ndi asilikali. Lero ngakhale gogo wa kumudzi amadziwa kuti asilikali ake akachepa, matenda amalowa osaodira. Ine, amene ntchito yanga ndi kusanthula mawu, fanizoli limandisiyira funso: ngati thupi lili ndi asilikali, kodi udindo wowadyetsa ndi wa yani, makamaka pa nthawi ya mavuto?

Yankho limene timamva pa wailesi ndi m'zipatala ndi lakuti idyani zakudya za magulu asanu ndi limodzi, gonani mokwanira, limbitsani thupi, musamade nkhawa. Uphungu umenewu si wabodza. M'chaka cha 1991, Sheldon Cohen ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atadontheza tizilombo ta chimfine m'mphuno mwa anthu 394 odzipereka ku Britain: amene anali ndi nkhawa zambiri ndiwo anadwala mochuluka. M'chaka cha 2009 anapezanso kuti ogona maola osakwana 7 amagwidwa chimfine pafupifupi katatu kuposa ogona maola 8 kapena kuposerapo. Chifukwa chake n'chodziwika. Munthu akapanikizika, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa cortisol, ndipo kupanikizikako kukakhalitsa, ntchito ya asilikali aja imasokonezeka.

Komabe tiyeni tione kaumbidwe ka mawu a uphunguwo. Onsewo ndi aneni olamula, ndipo lamulo limayembekezera kuti wolamulidwayo angathe kumvera. Tsono taganizani za mayi wa ku Chilobwe amene nyumba yake inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, kenaka mu Novembala chaka chomwecho kwacha n'kutsika mphamvu ndi 44 peresenti. Tikamuuza kuti adye magulu asanu ndi limodzi ndi kugona maola 8, tanena zoona, koma tamusenzetsa mlandu. Akadwala, zidzaoneka ngati sanamvere, pamene chenicheni n'chakuti analibe chomvera nacho.

Msampha wina uli m'mawu akuti "zachilengedwe". Munthu wothedwa nzeru amagwira chilichonse. M'chaka cha 1995 makamu a anthu anakhamukira kwa Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mchape poyembekezera kuchira Edzi. Ku South Africa, nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot, mpaka kukazionetsa pa msonkhano wa Edzi ku Toronto mu 2006, ndipo ofufuza a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwa kwa ma ARV m'dzikolo kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000. Adyo alibe mlandu. Mlandu uli ndi amene anaika ndiwo pamalo pa mankhwala. Kwathu kuno, chimene chinadzutsa odwala pa mphasa ndi ma ARV aulere amene anayamba kuperekedwa mu 2004, ndipo chakudya chabwino chinali mthandizi chabe.

Nanga tipite kuti? Ndikuona kuti chiyankhulo chathu chinayankha kalekale. Pa mneni "kudwala" tinaphukitsa "kudwazika", mawu amene satheka popanda munthu wachiwiri. Tili ndi "kuzonda", ulendo umene suyendedwa chimanjamanja. Timanenanso kuti uje "akudwala maganizo", monga momwe anzathu olankhula Chishona amanenera kuti "kufungisisa". Pa maziko a mawu amenewa, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera ovutika mumtima. Zotsatira za kafukufuku zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti nkhawa ndi chisoni za anthuwo zinachepa ndithu. Kafukufukuyo ankayeza maganizo, koma taona kale kuti maganizo ndi chitetezo cha m'thupi zimayendera limodzi.

Wina anganene kuti ndikuchotsera munthu udindo wa thupi lake. Iyayi. Amene angathe kusiya fodya ndi kachasu asiye. Amene ali pa mankhwala amwe mwandondomeko. Bonongwe, chisoso, nkhwani zotendera, usipa ndi mango si zakudya za osauka monga ena a m'tauni amaganizira, ndipo kuzinyoza ndi umbuli wovala taye. Koma udindo umakula molingana ndi mphamvu imene munthu ali nayo. Wolemba ntchito amene amagwiritsa mlonda usiku uliwonse popanda tsiku lopuma, kapena ife aphunzitsi amene timaunjika ntchito pa ophunzira odya kamodzi pa tsiku, tili ndi dzanja m'matenda awo kuposa momwe timavomerera.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Asilikali a m'thupi mwa mnansi wanga amadya zochokera m'nkhokwe yangayi, ndipo amagona pamene ine ndamuchepetsera katundu. Motero mawa tikafunsa mnzathu kuti "Mwadzuka bwanji?", tiime kaye, timve yankho lake.