Kufunsa Nyanja Musanapalase



Pagombe la Kande, m'miyezi ya June ndi July, pamene mwera uwomba ndi kuutsa mafunde aakulu, mlendo wanzeru wofuna kupalasa kukafika pachilumba choyandikana ndi mtunda sathamangira m'madzi ayi, ayamba wafunsa asodzi Achitonga, amene, atayang'ana maonekedwe a mitambo, nagogoda nkhafi kuti amve ngati yang'aluka, namata phula m'ming'alu ya bwato, amamuuza mwaulemu kuti, "Ada, dikirani pang'ono, nyanja sinagone."

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inunso, musanakankhire bwato lanu m'madzi lero, yambani mwafunsa iwo amene anakulira pagombepo.