Simoni timuseke, nanga agogo?

Ndikapita ku Mua, komwe si patali ndi kwathu kuno ku Mtakataka, sindilephera kuima pa chigoba cha Simoni. Mu Chamare Museum, ya KuNgoni Centre yomwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, koma ichi ndiye chimandiphetsa phwete: nkhope psuu, ngati mzungu amene dzuwa lamuwamba. Ansembe adafika ku Mua mu 1902, atsamunda ali kalikiliki kutolera msonkho, ndipo munthu wamba analibe kokadandaula. Anali ndi bwalo basi. Pamenepo mzungu ankasekedwa, ndipo ine sindionapo cholakwa, poti wosekedwayo ndiye anali ndi mfuti.

Nanga ife olemba nthano zoseketsa za matsenga a m'tauni timaseka ndani? Taonani zomwe timatumizirana pa Facebook ndi WhatsApp. Lichero likagwa padenga ku Ndirande, mafuta atathera m'malere, wokweramo amakhala agogo aakazi, ali mbulanda. Mtsikana akapanda kukhala wa kondaine, ndiye kuti ndi chiphadzuwa chosanduka njoka ku resitihausi. Mmwenye ntchito yake ndi kuthyola Chichewa kuseri kwa kauntala, ngati alibe mayi womubereka.

Anzanga amati, "Aaa iwe, ndi nthabwala chabe, gule yemwe ali ndi Maliya." Zoona. Koma dambwe ndi la amuna. Amayi amaimba ndi kuomba m'manja, osema nkhope ya mkaziyo si iwo.

Kuseketsa kwina kulipo. Mu Rivers of London, buku la Ben Aaronovitch la 2011, wofotokoza nkhani ndi Peter Grant, wapolisi wophunzira matsenga yemwe mayi ake ndi a ku Sierra Leone. Nthabwala zimachoka pakamwa pake, sizimugwera pamutu. Woseka ndi iyeyo.

Inenso ndidalembapo ya agogo a lichero, anthu nkuikonda kwabasi. Ndidaifufuta nditakumbukira za ku Neno: mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu lolusa siliwerenga malamulo, limakumbukira nkhope yomwe lidazolowera kuiseka.

Mzungu wosekedwa pabwalo ankabwerera kuboma kukamwa tiyi. Agogo ofanana ndi a m'nthano yanga ija alipo kutsidya kwa njanji, amagona okha m'nyumba ya chitseko cha bango.