Pakati pa kugogoda ndi kumasula

Anyamata athu a ku Chitakale ndi ku Limbuli akamaonera nkhonya za UFC pa foni, chomwe chimawakweza mawu ndi munthu wopanidwa khosi akamagogoda ndi dzanja kusonyeza kuti wagonja. Amamuseka kuti ndi wamantha. Ife tikuona kuti funso lalikulu lili kwa amene wapana mnzakeyo.

Mkono ukatsekereza mitsempha iwiri ya m'khosi yopititsa magazi ku ubongo, munthu amakomoka m'masekondi ochepa. Chigongono chikapindidwira kumene sichipindikira, chimathyoka. Wogogoda ndiye kuti wapereka khosi lake m'manja mwa mdani wake, pokhulupirira kuti amusiya. Imeneyi ndi amaana, ngakhale yapatsidwa mkati mwa ukali, ndipo woisunga ndi yemwe mtima wake ukuwira kwambiri pa nthawiyo.

Taganizirani za Khabib Nurmagomedov, Msilamu wa ku Dagestan. Pa 6 October 2018 ku Las Vegas, Conor McGregor, yemwe adamunyozera bambo ndi chipembedzo, adagogoda m'chigawo chachinayi. Khabib adamusiya, koma mkwiyo sudamusiye iye: adalumpha mpanda nakalimbana ndi anthu a McGregor, ndipo adalipitsidwa madola 500,000. Ana athu amakonda kulumpha kuja kuposa kumasula kuja. Pamene Bukhari ndi Muslim adasunga chiphunzitso cha Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Mulungu apite kwa iye) choti mphamvu yeniyeni ili m'kudzigwira pa mkwiyo, osati m'kugwetsa anthu, usiku umenewo Khabib adakwanitsa theka lokha.

Patapita zaka ziwiri, pa 24 October 2020 ku Abu Dhabi, bambo ake atamwalira, adakumana ndi Justin Gaethje. Mnzake Daniel Cormier adafotokoza pambuyo pake kuti Khabib adasankha kupana khosi m'malo mothyola mkono, poti makolo a Gaethje adali pomwepo akuonera. Kodi chimenechi tichitche chifundo? Ma sheikh ambiri sangavomere masewero omenyana kunkhope n'komwe, ndipo tili nawo limodzi. Komabe sitingakane kuti munthu adaganizira mayi wa mdani wake ali pakati pa ndewu.

Gaethje adagogoda, woyimbira sadaone msanga, ndipo Khabib adapanabe mpaka mnzakeyo adakomoka. Malamulo amati woyimbira ndiye woyenera kuimitsa ndewu. Khabib adatsata lamulo, ngakhale kugogodako kunkachitikira pathupi pake pomwe.