Chulukechuluke ngwa njuchi

Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwambi umenewu ndi wa pabwalo la milandu. Munthu akafika akufuula kuti anthu andilakwira, nduna za mfumu zimamukhazika pansi n'kumufunsa kuti, anthu ake ati? Tchulani mmodzi. Ife a ku Phalombe funso limeneli tinalitaya m'chaka cha 2017, ndipo anthu anafa.

Mphekesera ya anamapopa inabuka mu September chaka chimenecho, ena amati inachita kuoloka malire kuchokera ku Mozambique. Itazungulira phiri la Mulanje inalowa m'midzi yathu. Anthu anasiya kugona m'nyumba. Dzuwa likangolowa, amayi amayala mphasa pabwalo limodzi, ana pakati, abambo m'mbali ndi zikwanje. Anyamata amagwetsera zipika pamsewu n'kumaimitsa galimoto iliyonse, ngakhale ambulansi. Mlendo amutsegulira chikwama, ndipo akapezamo chimene iwo sakuchidziwa, mlandu watha pomwepo. Ukafunsa kuti wapopedwa ndani, amati mayi wina wa kutsidya. Ukapita kutsidyako, nawonso akuloza kutsidya lina. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Madokotala ananena poyera kuti sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi. Koma maliro a anthu ophedwa chifukwa chowaganizira analipo, enieni, oika m'manda. Mu October bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Phalombe ndi ku Mulanje, Pulezidenti Peter Mutharika anachita kubwera yekha kudzalankhula ndi anthu, koma moto unali utafika kale m'tauni. Ku Blantyre gulu linagenda mnyamata wodwala khunyu n'kumuyatsa moto, masana, anthu akuonerera. Apolisi anamanga anthu pafupifupi 140.

Adzukulu anga, musamaganize kuti zimenezi ndi za anthu a kumudzi okha. Ife tinakula tikumva za Chilobwe. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'makomboni a Blantyre, ndipo m'tauni monse munamveka zoti magazi awo akupita ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Amene anadzamangidwa n'kuweruzidwa kuti aphedwe anali Walla Laini Kawisa. Kumapeto kwa 2002, njala ili pakhosi, nkhani ija inadzukanso: akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga. Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, anagendedwa mpaka kukagona m'chipatala. Mukaonetsetsa, bodzali limabwera anthu ali ndi njala kapena atasiya kukhulupirira owalamulira. Mantha awowo ine sindiwaseka ayi. Chimene chimandiwawa n'choti mwala ukaponyedwa kawirikawiri umagwera wodwala misala, wakhunyu, wapaulendo amene lilime lake silikumveka bwino, aliyense amene sangathe kudzifotokozera msanga.

Kale mlendo akafika dzuwa litapendeka amamupatsa mpando ndi madzi akumwa, mafunso pambuyo, kenaka n'kumuperekeza kwa a mfumu. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kufunsako kunali kuteteza mudzi, komanso kunali kuteteza mlendoyo, chifukwa mfumu ikamumva dzina ndi kwawo, palibe amene akanamukhudza. Gulu la pamsewu lilibe mfumu. M'mawa kukacha aliyense amati ine ndinangopeza zitachitika, ndipo wamasiye alibe woti amutchule pabwalo.

Ndiye pali nkhani ina imene timaiyankhula motsitsa mawu. Miyezi yochepa chabe zipika zija zitachotsedwa m'misewu, mu July 2018, mnyamata wachialubino wa zaka 12 anasowa konkuno ku Phalombe. Sanatengedwe ndi galimoto yachilendo usiku. Apolisi atafufuza, mwa anthu amene anawamanga munali ena a pabanja pake penipeni, odya naye mbale imodzi. Pa mwana ameneyo palibe amene anagona panja kulondera, palibenso amene anagwetsa chipika pamsewu. Ambiri tinangomva pawailesi, n'kupitiriza kukolola nandolo.