Akalephera Mwana Wosamva, Walephera Ndani?

Zotsatira za muyeso wa kumva ndi kulankhula zimakhala chigamulo pa moyo wa mwana wosamva, chifukwa ndizo zimaloza sukulu yoti apite, chipangizo choti avale ndi chiyembekezo choti makolo akhale nacho. Choncho ntchito yokonzera miyesoyi ana olankhula Chisipanishi ndi nkhani ya chilungamo, ndipo muyeso wongomasuliridwa kuchokera m'Chingelezi umam'senzetsa mwana mlandu umene si wake.

Taganizirani muyeso wa Daniel Ling. Woyeza amaphimba pakamwa kuti mwana asawerenge milomo, n'kutchula maliwu 6, limodzi mwa iwo "sh". Liwu limeneli silipezeka m'mawu a tsiku ndi tsiku ku Madrid kapena ku Mexico City, pomwe ku Buenos Aires lili pakamwa pa aliyense. Mwana wa ku Madrid akakanika kulibwereza, vuto ndi khutu kapena ndi liwu lachilendo? Mayeso ambiri a Chingelezi amadaliranso mawu a phatikizo limodzi, amene m'Chisipanishi ndi ochepa, n'chifukwa chake akatswiri a m'mayiko olankhula Chisipanishi amayezera mawu a maphatikizo awiri. Amene anakonza muyeso wa mawu wotchedwa Peabody m'Chisipanishi mu 1986 anachita bwino poyika mlingo wake pa ana a ku Mexico ndi Puerto Rico.

Ena amati khutu ndi limodzi padziko lonse, ndiye muyeso ukhale umodzi kuti zotsatira za mayiko ziziyerekezeka. Akunena zoona pa kulira kwa makina oyezera, kumene kulibe chinenero. Koma mawu samveka ndi khutu lokha. Amamveka ndi zimene mwana wakhala akumva kwa amake chibadwire, ndipo kuyerekeza kumene kumanyalanyaza zimenezi kumathandiza ofufuza, osati mwanayo.

Ngakhale muyeso wokonzedwa bwino uli ndi malire. Umayeza khutu ndi pakamwa, sufika pa nzeru. M'zaka za m'ma 1500, mmonke wa ku Spain Pedro Ponce de León ankaphunzitsa ana osamva a mabanja olemera kulankhula, pa nthawi imene wosalankhula ankatha kumanidwa cholowa. Dziko la Spain linavomereza zinenero zamanja mwalamulo mu 2007. Mwana amene amafotokoza nkhani yonse ndi manja, muyeso wa pakamwa wokha ungamulembe kuti alibe chinenero, ndipo limenelo ndi bodza. Oyeza amuyeze mwanayo m'Chisipanishi cha kwawo komanso m'chinenero chamanja asanalembe chigamulo.