Sitima Ikasinthidwa M'kati, Kodi Ndi Yomweyo?

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amalumikiza tisitima tating'ono tofanizira sitima zakale zamalasha. Kunja kumaoneka chumuni ndi mapisitoni, koma m'kati muli kamota ka magetsi. Kasitimako kakamathamanga modukizadukiza, mwini wake amachotsa kamotako n'kuikamo kena, n'kusinthanso magiya kuti mawilo azizungulira mwachifatse. Funso limene likubuka apa ndi lakalekale. Mlembi wakale Plutarch anasimba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankachisintha matabwa akafumbwa, anzeru n'kumakangana ngati chinali chomwecho.

Maganizo anga ndi akuti chinthu chimadziwika ndi ntchito yake kuposa zitsulo zake, ndipo umboni uli pa Balaka pomwepa. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima kudzera pa Balaka inatsegulidwa mu 1935, ngolo zikukokedwa ndi injini zamalasha. Kenako dizilo inalowa m'malo, mu 1970 nthambi ya ku Nayuchi inayambira pa Nkaya, ndipo lero malasha a ku Moatize amadutsa pomwepo kupita ku Nacala. Palibe amene amati njanjiyo inafa. Wina angatsutse kuti injini yakale imene ili kumalo osungirako zakale ku Chichiri ndiyo yeniyeni, poti zitsulo zake n'zomwezo. Zoona, koma siikokanso ngolo, yasanduka chipilala. Winanso angati kachidole kopanda moto n'kabodza chabe. Komatu ntchito yake si kuwiritsa madzi, ndi kuonetsa mayendedwe, ndipo magiya atsopano ndi amene amakathandiza kunyamuka pang'onopang'ono monga inkachitira sitima yolemedwa ndi katundu.