Wantchito Asachoke Chimanjamanja

Abale, tiweruze mlandu uwu. Kampani ikachotsa antchito chifukwa malonda alowa pansi, kodi malipiro a mwezi wotsiriza athetsa mangawa onse?

Ena ati, "Anagwira ntchito, tinamlipira, chatsala nchiyani?" Koma ife titi, munthu amene anatha zaka 10 m'munda wa tiyi anasiya munda wake kumudzi, napereka mphamvu za unyamata wake, ndipo zimenezo sizibwerera. Kumchotsa modzidzimutsa ndiko kupasula nkhokwe ya ana ake.

Lamulo la ntchito la Malawi la 2000, lokonzedwanso mu 2010, liti wolandira pamwezi achenjezedwe mwezi wathunthu, napatsidwe malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, masabata 3 kufikira chaka cha 10, ndi masabata 4 kupyola apo. Mose anatsogola kale: pa Deuteronomo 15 analamula kuti kapolo womasulidwa aninkhidwe zoweta, dzinthu ndi vinyo.

Tsono Mkristu wolemba antchito, ngakhale mbusa mmodzi wa ng'ombe, asadikire kuti boma limkakamize. Nafenso antchito tisathawe usiku osatsazika, pakuti Mulungu apenya mbali zonse ziwiri.